Kudzudzula m'busa wachigololo si tchimo

Achimwene, mwafunsa ngati n'kulakwa kudzudzula m'busa amene wagona ndi mkazi wa mwini mumpingo, poti iye akudziteteza ndi mawu akuti musakhudze odzozedwa anga. Ayi ndithu. Mawuwo, pa Masalimo 105:15, akunena za Abrahamu ndi ana ake ali alendo pakati pa mitundu ina, Mulungu akuchenjeza mafumu kuti asawachite choipa. Sakubisa tchimo la mtsogoleri.

Davide anali wodzozedwa weniweni, komabe atatenga Bateseba n'kuphetsa mwamuna wake Uriya, mneneri Natani anamuuza maso ndi maso pa 2 Samueli 12. Fanizo lake likunena za wolemera wolanda kankhosa ka m'mphawi, kutanthauza kuti mlandu unalinso wa mphamvu. Mfumu itatuma anthu kukamutenga, mayiyo akanakana bwanji? Chimandiwawa n'chakuti kawirikawiri mkazi ndiye amachititsidwa manyazi, abusa n'kungosamutsidwa mwakachetechete.

Pa 1 Timoteo 5:19-20 akuti poneneza mkulu wa mpingo pakhale mboni ziwiri kapena zitatu, ndipo mkulu wochimwa adzudzulidwe pamaso pa onse. Koma ngati panali kukakamiza, kapena wolakwiridwayo ndi mwana, pitani kupolisi, musadikire akulu ampingo.