Achemwali a ku Kanengo, chitani kaye lendi ku 25

Achemwali mwati akusamutsirani ntchito ku Kanengo mwezi wamawa, ana atsala kuno ku Salima ndi agogo awo, ndiye mukufunsa ngati mugule puloti ku Area 25 ndi ndalama mwasunga zija kapena mungopeza nyumba ya lendi. Ndaona ambiri akuti gulani basi lendi nkutaya ndalama. Ine ndikuti ayi, chitani kaye lendi ngakhale chaka chimodzi, ndipo ndikulankhula ngati munthu amene ndinakhalako ku 25 zaka zinayi ndisanabwerere kuno ku Kamuzu Road.

Dera lokha mwasankha bwino. Msewu wathu wa M14 umakakumana ndi M1 cha ku Kanengo komweko, ndiye Lachisanu mukaweruka simuchita kulowa mtauni kukasaka minibasi ku depoti, mungoima panjira paja mwakwera, makilomita pafupifupi 100 mwafika kudzaona ana. Kuntchito pafupi, msika wa Nsungwi pafupi, thiransipoti simuononga zambiri ngati amene amachokera ku Area 23 kapena ku Likuni mmawa uliwonse. Koma 25 ndi yaikulu achemwali, munthu akakuuzani kuti nyumba ili ku 25 sanakuuzeni kanthu, pali mbali zina zokonzeka bwino misewu yake yooneka, pali kwina kumene mvula ikangogwa ngakhale wa kabaza amakana kukufikitsani pageti.

Pankhani ya lendi chinthu choyamba, musatumize ndalama pa foni musanalowe mnyumbamo ndi mapazi anu. Ine anandidyera yanga choncho, munthu anaika zithunzi zokongola pa Facebook, selufu ya zipinda ziwiri mumpanda, akuti anthu akuilimbirana tumizani kaye ya mwezi umodzi ndikusungireni, nditatumiza foni inazima mpaka lero, ndipo nthawi imeneyo ndinali ndi mwana wakhanda katundu ali pakhonde pa mlamu wanga, zinandipweteka kwambiri. Maejenti enieni aliko, amafuna yoonetsera nyumba komanso yawo mukaikonda, koma inu muumirire kuti akuonetseni landilodi mwiniwake, mulankhule naye maso ndi maso, ndalama mupereke kwa iyeyo akulembereni risiti. Ambiri amafuna ya miyezi itatu poyamba ndiye konzekerani.

Mukamaona nyumba musangoona matailosi ndi siling'i. Tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka, kenako mufunse mayi wa nyumba yoyandikana osati landilodi kuti madzi amabwera nthawi yanji, poti malo ena amabwera usiku okha mumachita kudzuka kutunga mzigubu. Funsani ngati mita ya magetsi ili yanuyanu, chifukwa zogawana mayunitsi mpanda wonse ndi zimene zimadanitsa anthu, wina ali ndi firiji ndi hotipuleti inu muli ndi mababu atatu koma musonkhe mofanana. Bilu ya madzi muione ndi maso, ena amatuluka atasiya ngongole nkudzagwera inu. Ndipo mulemberane pa pepala kuti lendi ndi zingati, idzakwera liti, akafuna nyumba yawo akuuzani kutatsala miyezi ingati. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 malandilodi ambiri anangodzuka nkukweza, amene analibe pepala analibe ponena.

Tsopano za puloti, apa ndi pamene ndikukupemphani kuti mudekhe mtima. Malo a mu mzinda sali ngati kuno kwathu kumene a mfumu akakulozerani kuti kuchokera pa mtengo wa mango uwo kufika pa chulu apo ndi panu, mudzi wonse umadziwa. Mu Lilongwe malo ali mmanja mwa khonsolo ya mzinda, Unduna wa za Malo, ena a Malawi Housing, ena ndi a anthu amene ali ndi lizi yawo. Kakalata kolemba pamanja ka chidindo cha amene akudzitcha mfumu si title deed, chikalata cha boma cha umwini wa malo, ku banki sikagwira ntchito, ndipo tsiku lina akadzati munamanga mu msewu kapena pamalo a sukulu nyumba imagwetsedwa inu mukuona. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri atatu si nkhani yachilendo, mumadzazindikira tsiku lothira njerwa mutapeza wina wakumba kale faundeshoni. Ndiye wogulitsa akupatseni nambala ya puloti, mupite nokha ku maofesi a za malo akakufufuzireni kuti dzina lili pamenepo ndi landani, mabikoni, zizindikiro za malire a puloti, akuonetseni onse anayi, ngati nkotheka ndi saveya wanu.

Chinanso, puloti yotchipa modabwitsa nthawi zambiri ndi ya mdambo. Mu Okutobala pali gwa, pooneka bwino, pofika Febuluwale madzi ali mmaondo, chimbudzi chadzadza, khoma layamba kunyowa kuchokera pansi. Ife a kunyanja timadziwa zimene madzi amachita, ndipo ku Lilongwe komweko mu 2017 Lingadzi anasefukira nkuononga nyumba za anthu ku Mtandire. Mukakhala ya lendi dzinja limodzi mudzaona nokha kumene madzi amadutsa, mudzadziwana ndi anthu kutchalitchi ndi kuntchito, ndipo ndi anthu amenewo amene adzakunong'onezeni kuti uyu akugulitsadi malo ake, uyu musayerekeze.

Muganizenso kuti kugula malo ndi chiyambi chabe, simenti, malata, mmisiri, kukoka madzi ndi magetsi, pulani yoti khonsolo ivomereze, zonsezo mukulipiranso lendi ndi fizi ya ana nthawi imodzi. Komanso ntchito mukukayamba kumene kumeneko, mawa akakubwezerani kuno kapena ku Mzuzu bwanji? Ndalamazo zisangokhala, ndikudziwa kwacha ikutha mphamvu, koma bola muziike ku banki pa fikisidi miyezi ingapo mukufufuza kusiyana nkuzipereka kwa munthu amene mwamudziwa dzulo pa foni.

Mukamapita kukaona nyumba musapite nokha, tengani wina wokhala konko, mupite masana kenako mubwererenso madzulo cha m'ma 7 muone ngati njira yochokera pa siteji mungayende nokha ndi chikwama mutaweruka mochedwa. Mlamu wanga akadali ku 25 komweko, ndilembereni ku inbox ndimuuze akuperekezeni Loweruka.