Mwini nyumba akukana kubweza dipoziti: yankho kwa mayi amene anandilembera

Mayi wina wanditumizira imelo yofotokoza kuti anakhala m'nyumba ya lendi kwa zaka zitatu, anapereka notisi pa nthawi yake, anasesa ndi kukolopa paliponse n'kupereka makiyi, koma patha miyezi iwiri dipoziti yawo isanabwezedwe. Akaimba foni, mwini nyumbayo amangoti penti ya m'makoma inasuluka ndipo chogwirira chitseko cha kubafa chinathyoka, choncho ndalama yonse inathera pokonza. Akufunsa ngati pali chimene angachite.

Chilipo ndithu, mayi. Dipoziti si lendi, ndipo sisanduka ya mwini nyumba chifukwa chakuti ili m'manja mwake. Ndi chikole chanu chimene iye amangosunga, ndipo akafuna kudulapo kanthu, ndi iyeyo amene ayenera kusonyeza chimene chinawonongeka, mtengo wokonzera ndiponso malisiti ake.

Nkhani yanu yagona pa kusiyanitsa kutha kwa chinthu ndi kuwonongedwa kwake. Penti imasuluka ndi dzuwa komanso zaka, pansi pamene anthu amapondapo tsiku ndi tsiku pamaperepeseka, ndipo mpopi wotsegulidwa m'mawa ndi madzulo kwa zaka zitatu umayamba kudontha ngakhale m'nyumba ya munthu wosamala kwambiri. Zimenezi munazilipira kale mu lendi ya mwezi ndi mwezi, ndipo ndimaona kuti ndi kupanda chilungamo kukulipiritsani kawiri. Chogwirira chitseko n'chosiyana: ngati chinathyoka muli m'nyumbamo ndipo sichinali chotha kale, vomerezani kuti adule mtengo wa chogwirira chimodzi ndi wa mmisiri wochiika. Kuvomera kachinthu kakang'ono kameneka kumalimbitsa mawu anu pa zazikuluzo, pakuti aliyense womva nkhaniyi adzaona kuti simukuzemba udindo. Dziwaninso kuti chinthu chakale chikawonongeka, si bwino kuti akulipiritseni mtengo wonse wa chatsopano.

Malamulo amasiyana malinga ndi dziko, choncho fufuzani a kumene mukukhala, makamaka nthawi imene amapatsa mwini nyumba kuti abweze dipoziti. Ku California ndi masiku 21, ndipo ayenera kupereka mndandanda wa zimene wadula. Ku New York, kuyambira mu 2019, ndi masiku 14. Ku England, kuyambira mu 2007, dipoziti imayenera kutetezedwa kudzera m'bungwe lovomerezeka ndi boma, ndipo mwini nyumba wonyalanyaza lamuloli khoti likhoza kumulipiritsa mpaka katatu ndalamayo. Werenganinso pangano lanu la lendi mofatsa, chifukwa kawirikawiri limatchula tsiku lobwezera.

Tsopano siyani kuimba foni, popeza zolankhula pafoni sizisiya umboni. Lembani kalata yaifupi ndi yaulemu, yotchula tsiku limene munalowa, tsiku limene munapereka makiyi, kuchuluka kwa dipoziti ndi njira imene akubwezereni. Mupemphe mndandanda wa zonse zimene wadula pamodzi ndi malisiti, mum'patse masiku 14, ndipo munene momveka kuti akapanda kuyankha mukadandaula kukhoti. Itumizeni m'njira yosonyeza kuti yafika, ndipo inu musunge kope. Pamene mukudikira, sonkhanitsani pangano, lisiti la dipoziti, umboni wakuti mabilu a madzi ndi magetsi munalipira, mameseji onse, ndi zithunzi za nyumbayo ngati munajambula potuluka. Chithunzi chimodzi cha khoma loyera chokhala ndi deti chimaposa mawu ambiri, ndipo ngati mulibe, munthu amene anakuthandizani kusamuka akhoza kukhala mboni.

Eni nyumba ena amabweza akangolandira kalata yotereyi, chifukwa amazindikira kuti munthuyu sangotopa n'kuzisiya. Akapanda kutero, mayiko ambiri ali ndi khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama kapena bungwe loona za lendi, kumene mungadziyankhulire nokha popanda loya.

Ndikuchenjezeni pa zinthu ziwiri. Musam'nyoze pa Facebook, chifukwa mungam'patse mpata wokusumirani mlandu woipitsa mbiri. Ndipo akakupatsani gawo la ndalamayo, landirani, koma musasaine pepala lonena kuti nkhani yatha. Lembani pa lisitilo kuti mwalandira gawo chabe ndipo yotsalayo mukuiyembekezerabe.