Amayi anga anagwadira mwana wa msinkhu wanga

Achemwali, ndawerenga kawiri zimene mwalemba zoti abale a mwamuna amene mukufuna kukwatiwa naye akukunyozani, ndipo manja akunjenjemera. Mawu akuti "mwana wa m'komboni" amene akuchimuna akukunenani chinkhoswe chisanachitike n'komwe, ine ndawamva zaka 14, ndiye mundilole nditaye nthawi yanu.

Kwathu ndi ku Luchenza. Odziwako akudziwa kuti kale kunali anthu a mitundu iwiri, a nyumba zamalata za kufupi ndi siteshoni, makalaliki ndi aphunzitsi, ndiye ife a m'makomboni a m'maesiteti. Amayi anga athyola tiyi moyo wawo wonse, dengu kumsana, kulawirira mame asanakamuke, madzulo kukafola kuti kapitawo ayike pasikelo. Apongozi anga aamuna anali kalaliki wa kunjanji, munthu wa tayi. Nthawi imeneyo sitima inkachoka ku Limbe, kuyima pa Luchenza, kutsetsereka cha ku Thekerani mpaka ku Nsanje, pobwerera itadzaza nthochi. Madzi atadula njanji pa Chiromo mu 1997 tauni inayamba kuzizira, a 2015 aja anangodzamalizitsa, chisaka nacho chinapululutsa nthochi za ku Thyolo. Ana a mabwana onse anabalalika, uyu ku Lilongwe, uyu ku Blantyre, wina ku Johannesburg. Ndalama zinatha pakhomo paja, matama okha ndi amene anatsala.

Apongoziwo atafa ziwalo, anawasamalira ndani? Ine. Zaka ziwiri ndikuwasambitsa, kuwatembenuza usiku kuti asachite zilonda, kuwamwetsa phala ndi sipuni, kuchapa zofunda zimene sindinganene pano. Alamu anga ankangotumiza kangachepe pafoni mwezi ukawakomera, kenako n'kuyimba kufunsa ngati ndagula sopo weniweni.

Anamwalira mu February, mvula ili pakati, nyengo imene tiyi amaphuka kwambiri ndipo wothyola akajomba tsiku limodzi ndiye kuti wataya ndalama. Amayi anajomba. Anayenda wapansi m'matope kuchoka kukomboni, beseni la ufa pamutu atalivindikira ndi pulasitiki, mchimwene wanga pambuyo ndi mtolo wa nkhuni, K2,000 ya chipepeso atayimanga pansonga ya chitenje. Anafika atanyowa chonyowa, mapazi ali matope okhaokha. Ndinathamanga kukawatula. Ndisanagwire beseni, mlamu wanga wamkulu anatulukira atavala zakuda zosita bwino, anavundukula pulasitiki ija ndi zala ziwiri, n'kunena mokweza, azimayi onse a kukhitchini akumva: "Mgaiwa? Adya ndani umenewu? Kukubwera anthu kuno. Ikani uko, mwina adzukulu." Kenako anawaloza kuseri kwa khitchini, kumene timatayira madzi otsukira mbale, ati m'nyumba ya siwa mwadzaza. Simunadzaze. Ndinali nditangotulukamo, mphasa yonse ya kukhomo inali yopanda munthu.

Chimene chimandidzutsa usiku mpaka lero si mawu a mlamuyo ayi. Ndi amayi anga. Anagwada. Anagwada m'matope pamaso pa mwana wa msinkhu wanga, n'kuwomba m'manja, "zikomo mayi, pepani ndi zovutazi." Anazolowera kugwadira aliyense wovala nsapato. Ndinayang'ana bambo a kunyumba, anali chiyimire pakhonde, anaona zonse, anangoweramitsa mutu n'kumatokosa foni.

Kumanda powerenga chipepeso anatchula aliyense, ofesi yakuti yapereka zakuti, anzawo a alamu a ku Lilongwe zakuti, mpaka wa K500 anamutchula. Dzina la amayi silinamveke. Ndinafunsa amene ankalemba, ati pepalalo analikopera kwina kuti lioneke bwino ndiye mayina ena anatsala. Latsala bwanji la mpongozi?

Ndiye tamverani. Manda anakumba ndani? Achimwene anga ndi anyamata a m'komboni, chifukwa kumbali ya mabwanako kulibenso mnyamata wogwira khasu, kwatsala nkhalamba ndi nyumba zong'aluka. Anachezera kuyimba usiku wonse ndi amayi a Mvano, ambiri mwa iwo othyola tiyi omwewo, pomwe a m'tauni anakagona kuresiti hausi. Tsiku lachiwiri ufa woyera wogula kusitolo unatha, ndipo mgaiwa wa amayi womwe uja ndi umene unaphikidwa. Ndinauwomola ndekha, ndinapereka ndekha, mlamu wanga anadya mitanda iwiri osafunsa. Atangoyika maliro, magalimoto onse ulendo, kundisiyira mbale, ngongole ya bokosi yotsala ndi apongozi aakazi odwala shuga. Anthu amenewa amabwera kwawo ngati alendo, kudzajambulitsa pamanda ndi kudzatiphunzitsa ukhondo. Mpaka lero palibe anapepesa. Amayi akamva kuti alamu abwera amanditumizirabe nandolo kuti ndiwapatse, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa china chilichonse.

Ndiye inu achemwali, ndikanakhala mayi anu ndikanati thawani pano mulibe mwana. Mtundu wonyoza susintha, mungawachapire bwanji. Koma musayang'ane kwambiri alamu ndi apongozi, yang'anani mwamunayo. Akamakunenani iye ali pompo, amatsegula pakamwa? Wanga sanatsegule tsiku lija, ndipo ndinakhala miyezi itatu ndikungomuyikira nsima osamulankhula. Anadzapita yekha kukomboni ndi nkhuku kukagwada kwa amayi, mochedwa, koma anapita. Ndi munthu wabwino, sanandimenyepo, ana amawakonda, kungoti pamaso pa azichemwali ake amasanduka mwana.

Ngati mukumukondadi loweni, musalole anthu okhala kutali akulandeni banja. Ankhoswe anu akhale anthu olimba, amalume enieni oti akayankhula anthu amakhala chete, ndipo nkhani ya kunyozayi ikambidwe pachinkhoswe pomwepo, osati mudzayambe kudandaula muli ndi pakati. Makolo anu musawabise, akabwera akhale pampando wa pabalaza. Komanso musamayankhe alamu, ine sindinawayankhepo ngakhale kamodzi, ulemu wanu usachoke. Kaganyu kanu gwiritsitsani, ndalama yanu ikhale yanu.

Apongozi aakazi aja ndikukhala nawobe. Masiku ano amanditchula kuti mwana wanga, ndipo shuga ikakwera usiku dzina limene amayitana ndi langa. Loweruka lapitali anandifunsa kuti amayi anu sabweranso bwanji kudzandiona. Ndinangoti mvula, mayi. Sindinathe kuwauza kuti chiyikireni maliro aja amayi akabwera amathera pamsewu, amatuma mwana kudzandiyitana, pabwalo paja safuna kupondapo.