Yankho pa funso la mawu akuti "airy"

Achemwali, mwafunsa ngati chipinda cha lendi ku Manchester chomwe achilemba kuti "bright and airy" ndiye kuti chimalowa mphepo yozizira. Ayi, pamenepo mwininyumba akutamanda chipinda chake: mawindo ndi aakulu, kuwala kumalowa, mpweya umayenda bwino, munthu sumva kubanika. Chipinda chotentha, chopanda podutsa mpweya, amachitcha "stuffy". Chimene inu mukuopacho, mphepo yozizira yolowera m'mipata ya zitseko ndi mawindo, ndi "draughty", ndipo mawu amenewo simudzawapeza pa chilengezo chotsatsa nyumba.

Komabe mukapita kukachiona, musangokopeka ndi kukula kwa mawindowo. M'nyumba zakale za ku Britain mawindo aakulu a galasi limodzi amataya kutentha kwambiri nthawi yachisanu, bilu ya gasi n'kukwera. Onani ngati magalasi ndi ophatikiza awiri, ndipo funsani pepala la EPC, lomwe limaonetsa mmene nyumba imasungira kutentha ndi kugwiritsira ntchito gasi ndi magetsi, pa mlingo kuyambira A (yabwino kwambiri) mpaka G. Ku England, kuyambira chaka cha 2020, nyumba zambiri za lendi siziloledwa kukhala pansi pa E.

Mawu akuti "airy" amachokera ku "air", mpweya. Ndiye mudzamva "airy dress", diresi lopepuka losasunga thukuta, loyenera nthawi ya dzuwa. Ophika amanena "light and airy" pa keke kapena buledi wofufuma bwino, wa timabowo m'kati, osati wolemera ngati chikondamoyo chomwe soda anachepa.

Chomwe ndikufuna muchigwire kwambiri ndi ichi: pa zinthu, "airy" ndi chiyamikiro, koma akafika pa munthu ndi zolankhula zake, kawirikawiri ndi chidzudzulo. "Airy promises" ndi malonjezo a pakamwa chabe, opanda pogwira. Akati munthu anayankha "airily", akutanthauza kuti anayankha mopepuza, ngati kuti nkhaniyo ndi yaing'ono pomwe mnzake ili kumuwawa mumtima. Azungu a ku Britain alinso ndi "airy-fairy", mawu onyoza maganizo ongoyandama, osatheka kuwachita. Amenewa ndi ocheza nawo pakati pa anzanu. Musawalembe m'kalata ya kuntchito, ndipo musawanene pa ganizo la bwana wanu pamsonkhano. Ndimamva chisoni munthu akagwiritsa ntchito mawu akuti "airy" pofuna kuyamikira mnzake wansangala, mnzakeyo n'kumva ngati wauzidwa kuti ndi wosaganiza mozama. Wansangala nenani "cheerful".

Poyerekeza zipinda ziwiri, y uja amasanduka i: "airier", ndipo choposa zonse ndi "airiest". Potchula, amamveka ngati "fairy" ndi "dairy", kungochotsa chilembo choyambacho. Samalani kuti musayambe ndi h, chifukwa "hairy" ndi chinthu chaubweya, komanso r wakeyo amveke bwino, asatembenuke kukhala l monga timachitira ambirife m'Chichewa.