Mnzanga wandipatsa mapiritsi a Clomid, ndimwe?

FUNSO

Anamwino, ndine mayi wa zaka 29, ndimakhala kwa Kamwendo ku Mchinji. Chino ndi chaka chachitatu ndili pabanja koma mphatso ya mwana palibe. Msambo wanga ndi wodumphadumpha. Nthawi zina ndimatha miyezi itatu osaona kanthu, mtima n'kuyamba kusangalala kuti mwina ndaima, koma ndikakayezetsa amati ayi. Ndanenepanso kwambiri, ndipo pachibwano pamamera tindevu tomwe ndimazula mobisa. Apongozi ayamba kundilankhula mokuluwika. Mnzanga amene timagulitsa naye kaunjika anagula Clomid ku Chipata, anamwa miyezi iwiri n'kuima, otsalawo wandipatsa ine. Ali m'chikwama sabata yachiwiri ino, ndikuopa. Abambo akunyumba akukana zopita kuchipatala, akuti iwo ali naye kale mwana yemwe anabereka ali mnyamata. Kodi ndimwe?

Wodandaula, Kamwendo

YANKHO

Mayi, mapiritsiwo abakhala kaye m'chikwamamo. Sindikuti ndi oipa ayi. Mmene mwafotokozeramu, mwina inu ndinu mmodzi wa amayi omwe angathandizike nawodi. Koma zimenezo zidziwike kaye, musayambe ndi zotsala za mnzanu.

Clomid ndi dzina la malonda, mankhwala ake enieni ndi clomiphene, ndipo madokotala akhala akuwagwiritsa ntchito kuyambira zaka za m'ma 1960. Amanamiza ubongo kuti homoni ya estrogen yachepa m'thupi, ndiye ubongowo umatumiza homoni ina, FSH, yochuluka ku thumba la mazira kuti dzira likhwime n'kutuluka. Ntchito yake yathera pomwepo. Satsegula machubu odutsamo dzira ngati atsekeka, sachiza chiberekero, ndipo umuna wa abambo saukhudza n'komwe. Mayi amene amasamba mwezi ndi mwezi mosaphonya nthawi zambiri amakhala kuti mazira akutuluka kale, choncho akamwa amangotaya ndalama ndi miyezi.

Zanu ndi zosiyana. Msambo wodumpha, kunenepa ndi tindevu zikabwera pamodzi, ife timayamba taganiza za PCOS, vuto lomwe mazira amayamba kukula koma osafika pokhwima. Ndati timaganiza, chifukwa chithokomiro chosayenda bwino chimasokonezanso msambo, chimodzimodzi homoni ya mkaka ikakwera mwa mayi wosayamwitsa. Simunanene ngati munabayitsapo jakisoni wa kulera wa Depo. Ngati munatero, dziwani kuti thupi limatha kutenga chaka lisanabwerere mwakale. Zonsezi chithandizo chake ndi chosiyana. Ikapezeka kuti ndi PCOS, malangizo a akatswiri a m'chaka cha 2018 amaika patsogolo mankhwala ena othandiza dzira kutuluka otchedwa letrozole, osati clomiphene, ndipo ena amawonjezerapo metformin, yemwe uja wa matenda a shuga. Kuchepetsa thupi kumathandizanso: mayi wa makilogalamu 80 akatsitsako 4 mpaka 8, ena msambo umayamba kubwera wokha.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu ndi machubu. Matenda opatsirana pogonana monga chinzonono ndi chlamydia amasiya zipsera mkati mwakachetechete, mayi osamva kupweteka kulikonse. Pathupi popita padera koma osasamalidwa bwino pamachitanso zomwezo, ngakhalenso likodzo lomwe ambiri tinalitenga tili ana posambira m'madambo. Ndaonapo mayi atamwa mapiritsiwa pafupifupi chaka chathunthu, pomaliza n'kupezeka kuti machubu onse awiri anatsekeka kalekale. Analira kwambiri, osalirira ndalamazo, koma chaka chimene chinapita pachabe. Machubu amawaona ndi ekisileyi yotchedwa HSG, yomwe amathira mankhwala m'chiberekero n'kuona ngati akudutsa. Yambirani pachipatala cha boma ku Mchinji, iwo ndi omwe angakulembereni kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe ngati pakufunika kutero.

Dokotala akakulemberani clomiphene, kawirikawiri amayamba ndi 50 mg kamodzi patsiku kwa masiku 5, kuyambira pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu la msambo. Dzira limatuluka patatha masiku 5 mpaka 10 chimwereni piritsi lomaliza, ndiye sabata imeneyo abambo asapite ku geni yogonera konko. Apa mwaona kale vuto lanu: inu amene mumatha miyezi itatu osasamba, tsiku lachiwirilo muliwerenga kuchokera pati? Pamafunika kutsimikiza kaye kuti mulibe pathupi, kenako nthawi zina kukupatsani mankhwala ena oitana msambo. Sitipitiriranso miyezi 6. Amayi ambiri a PCOS amatulutsa dzira akamwa, koma oima safika theka.

Zovuta zake ziliponso. Ena amamva kutentha thupi mwadzidzidzi, mutu, kapena kupsa mtima msanga. Mukayamba kuona zinthu mwachimbuuzi kapena ngati kuthwanima, siyani tsiku lomwelo n'kupita kuchipatala. Mimba ikatupa n'kumapweteka kwambiri, musadikire kuti kuche. Mwayi wa mapasa umakweranso, pafupifupi pathupi 5 mpaka 10 mwa 100 paliponse. Ndikudziwa kuti mwamwetulira mutawerenga zimenezi, amayi onse amatero, koma ife a kuchikuta timadziwa kuti mapasa amakonda kubadwa masiku asanakwane ndipo amakweza BP ya mayi.

Tsopano za abambo. Mwana yemwe anabereka ali mnyamatayo akungotiuza za nthawi imeneyo. Matenda opatsirana pogonana, kachasu ndi fodya zimasintha umuna pakapita zaka, ndipo mwa mabanja omwe akusowa mwana, pafupifupi theka abambo amakhala ndi gawo lawo. Kuyeza kwawo ndi kopepuka kuposa kwanu konse: amadziletsa masiku awiri kapena atatu, n'kukapereka umuna m'kabotolo ku labu, basi. Musawauze kuti "mukayezetse", amva ngati mwawatcha gojo. Apempheni kuti akuperekezeni, zinazo akalankhula ndi adokotala.

Pokonzekera ulendowo, lembani m'kope masiku onse omwe mukukumbukira kuti munasamba chaka chino. Tengani buku lanu lakuchipatala, ndi mapiritsi a mnzanuwo m'kapepala kake momwemo kuti akaone ngati ndi enieni komanso ngati tsiku lake silinadutse.