Kodi n'zoona kuti Afghanistan sinagonjepo kwa adani?

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti palibe amene anagonjetsapo Afghanistan, komanso ngati mapiri ndiwo amatchinjiriza anthu a kumeneko. Ena m'gulu muno ayankha kale kuti eya, kumeneko ndi "manda a maufumu akuluakulu". Ine mawu amenewa sindigwirizana nawo, ndipo mundilole nditalikitseko.

Ogonjetsa dzikolo analipo, ambirinso. Aperisi analilamulira m'nthawi ya Darius. Alexander wa ku Macedonia analowa cha m'ma 330 Yesu asanabadwe, anakhetsa thukuta zaka pafupifupi zitatu, n'kukwatira Roxana, mwana wa mfumu ina ya kumeneko, ndipo iye atamwalira Agiriki anapitiriza kulamulira dera la Bactria, kumpoto kwa dzikolo, kwa mibadwo ingapo. Genghis Khan wa ku Mongolia anasesa mizinda ya Balkh, Herat ndi Bamiyan cha m'ma 1221. Babur analanda Kabul mu 1504, n'kuchokera komweko kukayambitsa ufumu wa Mughal ku India mu 1526, ndipo manda ake ali m'munda wina ku Kabul mpaka lero. Nthawi yonseyi mapiri a Hindu Kush anali pomwepo.

Mbiri yoti kumeneko sikulowedwa inakula chifukwa cha zimene zinaonekera Angelezi. Mu 1839, poopa kuti Russia ingayandikire India, anachotsa mfumu Dost Mohammad n'kuikapo wawo, Shah Shuja. Kulowa sikunavute. Ena anaitanitsa mabanja awo ku Kabul ngati afika pamudzi. Koma mu 1841 anaona kuti ndalama zikupita zambiri, ndiye anadula zimene ankapereka kwa mafumu a fuko la Ghilzai, eni mipata ya m'mapiri yopita ku India. Apa ndi pamene anadzitsekera njira okha. Mzinda wa Kabul unawaukira, mkulu wawo wina, Alexander Burnes, anaphedwa, ndipo pa 6 Januwale 1842 asilikali pafupifupi 4,500 ndi anthu owatsatira pafupifupi 12,000 ananyamuka wapansi m'chipale chofewa kulowera ku Jalalabad. M'zigwa zopapatiza, mfuti zikulira kuchokera pamwamba, ena akufa ndi chisanu usiku, khamu lonselo linatha m'sabata imodzi. Pa 13 Januwale dokotala William Brydon anatulukira ku Jalalabad atavulala, ali pa hatchi yotheratu mphamvu. Nkhaniyi ikamakambidwa amatchulidwa ndi iyeyo, chonsecho ochuluka mwa akufawo anali Amwenye: asilikali wamba, ophika, amtengatenga, akazi ndi ana awo.

Chimene ambiri amasiya n'chakuti chaka chomwecho Angelezi anabwerera n'kugwetsa msika waukulu wa Kabul pobwezera. Pankhondo yachiwiri, ya 1878 mpaka 1880, anakunthidwa ku Maiwand, komabe chimene ankafuna anachipeza: mfumu Abdur Rahman ankalandira ndalama kwa iwo chaka ndi chaka, ndipo nkhani zonse zakunja zinali m'manja mwa Britain kufikira 1919, pamene mfumu Amanullah anamenyera ufulu wathunthu. Mu 1893 anajambulanso malire otchedwa Durand Line, amene lero ali pakati pa Afghanistan ndi Pakistan, ndipo anagawa anthu a fuko la Pashtun pawiri. Ife tikudziwa mmene zimenezi zimakhalira, poti m'zaka zomwezo malire a atsamunda anasiya Achewa ena ku Malawi, ena ku Zambia, ena ku Mozambique. Malire amenewa muwasunge m'mutu, chifukwa nkhondo ziwiri zotsatirazi zagona pamenepo.

Asilikali a Soviet Union analowa mu Disembala 1979, anapha mtsogoleri Hafizullah Amin n'kuikapo Babrak Karmal. Mizinda anaigwira m'masiku ochepa. Apa mapiri anagwiradi ntchito yake: katundu wambiri wa nkhondo ankadutsa msewu umodzi wa ku Salang, ndipo chapafupi pali chigwa cha Panjshir, kumene Ahmad Shah Massoud, mtsogoleri wa gulu lina lomenyana nawo, ankawabisalira. Akalowa m'chigwamo ndi akasinja, anyamata ake ankakwera m'mapiri, akachoka, ankatsikanso. Koma phiri silibala zipolopolo. Zida ndi ndalama zinkachokera ku America ndi Saudi Arabia kudzera ku Pakistan, ndipo kuyambira 1986 kunabwera mizinga yonyamula paphewa ya Stinger yogwetsera ndege. Ovulala ankakachira kutsidya kwa malire aja. A Soviet anatuluka pa 15 Febuluwale 1989, koma boma limene anasiya, la Najibullah, linakhalabe zaka zina zitatu, ndipo linagwa mu 1992 thandizo la ku Moscow litauma.

Za America mwaziona nokha. Anayamba kuphulitsa mabomba pa 7 Okutobala 2001, pofika Disembala boma la Taliban linali litagwa, atsogoleri ake atawolokera ku Pakistan. Patatha zaka 20, pa 15 Ogasiti 2021, a Taliban omwewo analowa mu Kabul Amereka asanamalize n'komwe kusamuka.

Ndiye pa funso lanu la mapiri, ndinganene kuti amathandiza ndithu, koma paokha sanathamangitsepo munthu. Britain mu 1839, Soviet Union ndi America onse analowa mosavuta, onse anaika mtsogoleri amene anthu ankamuona ngati wa alendo, ndipo onse anafika potopa ndi kulipira. Mlendo amawerengera ndalama ndi maliro a kwawo, pamene mwini dziko alibe kwina kopita. Babur uja sanabwere ndi tsiku lobwerera. Anakhazikika, n'chifukwa chake zake zinayenda mosiyana.

Chimene chimandiwawa pa dzina lija la "manda a maufumu" n'chakuti limawerenga maliro a alendo okha. Soviet Union inataya asilikali pafupifupi 15,000, America pafupifupi 2,400. Koma m'zaka khumi za nkhondo ya Soviet zokha, anthu a ku Afghanistan amene anafa akuyerekezedwa kuti anali pafupifupi 1 miliyoni, ndipo oposa 5 miliyoni anathawira ku Pakistan ndi Iran. Ndege zinkamwaza timabomba ting'onoting'ono tapulasitiki tooneka ngati gulugufe, ana n'kumatola poyesa zidole. Mpaka lero kuli magulu amene ntchito yawo ndi kufukula mabomba m'minda, ndipo alimi ndi abusa a ziweto akupondabe otsalawo.