Loya wa ku Northampton amene sankakonda kukhoti

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mnyamata wina amene akuphunzira zamalamulo. Anafunsa kuti: "Kodi loya akasiya milandu n'kukakhala meya wa katauni kakang'ono, si ndiye kuti wadzikwirira yekha? Alipo amene anapita patali atadzera njira imeneyi?"

Alipo achimwene. Dzina lake ndi Calvin Coolidge wa ku America, ndipo chondisangalatsa pa iye n'chakuti sanali loya wa pakamwa ayi.

Anabadwa pa 4 July 1872 m'mudzi wa Plymouth Notch, m'chigawo cha Vermont. Atamaliza ku Amherst College mu 1895 sanapite kusukulu ya zamalamulo. Analowa mu ofesi ya maloya awiri, Hammond ndi Field, mumzinda wa Northampton ku Massachusetts, n'kumawerenga mabuku awo uku akuwathandiza ntchito. Kalelo zinkatheka. Mu 1897 analoledwa kugwira ntchito ya uloya, ndipo chaka chotsatira anatsegula ofesi yakeyake.

Ntchito yake yambiri inali ya mabanki ndi amalonda: ngongole, mapangano, chuma cha masiye. Iye ankaona kuti wathandiza munthu ngati nkhani yathera mu ofesi, osafika pamaso pa woweruza. Ndalama zake zinali zapang'onopang'ono, koma anthu anamudziwa kuti sabwebweta ndipo sawononga kobiri la mwini wake. Mbiri imeneyo ndi imene inamulowetsa m'khonsolo ngati khansala, kenako kukhala loya wa mzinda. Pa zisankho zonse za moyo wake anagwa kamodzi kokha, pomwe ankafuna mpando m'komiti yoyang'anira sukulu. Akuti ena anamumana voti chifukwa analibe ana pasukulupo.

Umeya anaugwira mu 1910 ndi 1911, mzindawo uli ndi anthu osakwana 20,000. Musayembekezere zodabwitsa. Anakweza malipiro a aphunzitsi, anabwezako ngongole ya mzinda, msonkho n'kutsikako pang'ono. Basi. Koma amene anakhalapo pamsonkhano wa bajeti adziwa kuti kuchita zitatuzi nthawi imodzi si masewera. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene uloya wake unaonekera: munthu wozolowera kuwerenga kalembedwe kakang'ono ka pangano sapusitsika ndi manambala a kontilakitala.

Kuchoka pamenepo anakwera mwachangu. Senate (nyumba ya malamulo) ya Massachusetts mu 1912, wachiwiri kwa bwanamkubwa mu 1916, bwanamkubwa mu 1919. Chaka chomwecho apolisi a ku Boston ananyanyala ntchito, iye anakana kuti abwezeretsedwe, dziko lonse n'kumudziwa. Mu 1921 anakhala wachiwiri kwa pulezidenti. Pulezidenti Warren Harding atamwalira mu August 1923, Coolidge anali kwawo ku Plymouth Notch, ndipo amene anamulumbiritsa kukhala pulezidenti ndi bambo ake omubereka, usiku, powala nyali ya palafini.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinali bwino. Kuumira kumene kunathandiza Northampton kunapweteka ena atafika ku White House. Alimi anali pamavuto ndi mitengo yotsika ya zokolola, koma lamulo la McNary-Haugen lofuna kuwathandiza analikana kawiri, mu 1927 ndi 1928. Kusunga thumba la katauni n'kosiyana ndi kudyetsa dziko, ndipo sindikhulupirira kuti iye anazisiyanitsa mokwanira.

Chinthu china chimene sindichiiwala ndi nyumba. Atakwatira Grace Goodhue mu 1905, mphunzitsi wa ana osamva pa Clarke School, anachita lendi mbali imodzi ya nyumba ya mabanja awiri pa Massasoit Street. Ali meya anali momwemo, ali bwanamkubwa sanaisiye. Upulezidenti utatha mu 1929 anabwerera m'lendi momwemo, mpaka anthu odzaonerera atachuluka pamsewu, iye osatha ngakhale kukhala pakhonde. Mu 1930 anagula nyumba yokhala pakati pa mitengo mumzinda womwewo, ndipo anamwalirira mmenemo pa 5 January 1933.